Ma oscillator anga a 40106 akukokana mawu, vuto lili pati?

MwanaWaMawaya

Moni akuluakulu. Ndabwera ndi vuto la pa benchi, mwina alipo pano amene anagwirapo ma IC (timatchipi takuda ta miyendo yambiri tija) a gulu la 4000.

Ine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, koma mkati mwa sabata ndimakhala pa benchi ya amalume yokonzera mawailesi ndi maampu. Pa YouTube ndinaona anthu akupanga ma synthesizer ndi ma IC a logic okhaokha, popanda kompyuta kapena pulogalamu iliyonse, ndiye ndinati nanenso ndilawe. CD40106 ziwiri ndinagula mu Limbe, zotsalazo ndinazula m'mabodi akale omwe angoti mbwee pansi pa tebulo.

Ndamanga chonchi pa breadboard, bodi ija yongosomekapo zipangizo osawotcherera. Batire ndi la 9V lija laling'ono la makona anayi, pozitivi ku mwendo 14, negetivi ku mwendo 7. Kapasita ya 104 yachoka pa mwendo 1 kupita ku negetivi, voliyumu ya 100k ili pakati pa mwendo 1 ndi 2. Oscillator imeneyi, ndiko kuti kagawo kopanga liwu, payokha inalira bwinobwino. Ndikapotokola voliyumu liwu limakwera ndi kutsika, mpaka amalume anasiya ampu yomwe ankakonza n'kubwera kudzasuzumira. Ndinapanga yachiwiri pa miyendo 3 ndi 4, yachitatu pa 5 ndi 6. Kenako miyendo 2, 4 ndi 6 ndinaimanga pa waya mmodzi n'kupititsa ku kasipika ka 8 ohm kochokera mu wailesi yakufa.

Apa ndiye zinthu zinasokonekera. Mawu akumveka chapansipansi moti mpaka uike khutu pa sipika. Ndikakhudza voliyumu imodzi, mawu a zinzake ziwiri zija nawonso akusuntha, ndipo awiri akayandikana amangomatana n'kukhala liwu limodzi losasa. Ndikayandikitsa dzanja pa bodi pakumveka tsiii. IC ikufunda, batire nalo silikuchedwa kutha, ndipo mtengo wa mabatire amenewa mukuudziwa nokha.

Cholinga changa n'choti ndiike mabatani 8, lililonse ndi voliyumu yake, ndizitha kuimbira makolasi. Ndinayesa kuchuna C, E ndi G motsatira kiyibodi, koma pomwe ndikumaliza G, C amakhala atathawa kale.

Funso lina: m'bodi ina ndapeza 74HC14, ndipo ndikuona kuti miyendo yake ikufanana ndi ya 40106. Ndingaiike pa breadboard yomweyi?

Zikomo kwambiri.

MadalaWaMawailesi

Mphwanga, yamba wachotsa batire usanapitirize kuwerenga. IC ya CMOS, womwe ndi mtundu wa ma 4000 onsewa, pa ntchito ngati imeneyi siyenera kufunda. Ikafunda ndiye kuti mkatimo muli ndewu, ndipo ndewuyo ili pa waya uja wamangapo 2, 4 ndi 6.

Mwendo wotulutsa wa IC ya logic sudziwa zapakatikati. Umakhala wagwira ku pozitivi kapena wagwira ku negetivi, basi. Tsono pomwe mwendo 2 wagwira ku pozitivi, mwendo 4 ukhoza kukhala utagwira ku negetivi, iwe n'kuwamanga pamodzi. Pamenepo batire likushota kudzera mkati mwa IC, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Chikuipulumutsa n'chakuti ma IC a 4000 ndi ofooka, amatulutsa ma milliamp ochepa chabe. Kufooka komweko n'kumene kukupangitsa kuti sipika imveke chapansipansi. Sipika ya 8 ohm pa 9V imafuna kukoka kupitirira 1 amp, ndiye ukuitumiza IC ntchito yoti singaithe.

Kuti umvetse chifukwa chomwe mawu akukokana, ona kaye mmene liwulo likupangidwira. Kapasita ija ili ngati ndowa pansi pa mpopi, ndipo voliyumu ndiye mpopiwo. Mu 40106 muli mageti 6, ndipo geti lililonse lili ndi mizere iwiri pa ndowayo, wam'mwamba ndi wam'munsi. Madzi akafika pa mzere wam'mwamba geti limatembenuka n'kuyamba kukhuthula, akatsika kufika pa wam'munsi limatembenukanso n'kuyamba kudzaza. Mageti a mizere iwiri otere ndi amene timati Schmitt trigger. Kudzaza ndi kukhuthula kukachitika ka 440 pa sekondi, khutu limamva A wa pa kiyibodi yako. Voliyumu ya 100k itatsegulidwa yonse ndi kapasita ya 104, yomwe ndi 100nF, uyembekezere cha m'ma 120 Hz, koma zimasiyana kutengera kampani yomwe inapanga IC. Ukaika 103 liwu likwera kakhumi. Ukaika ya 10uF sumvanso liwu, uzingomva kuti thi, thi, thi, pafupifupi kamodzi pa sekondi.

Mizere iwiri ija siinakhomedwe ndi misomali. Imayenda ndi mavolti a batire, ndipo mageti onse 6 akudya pa miyendo iwiri yomweyo, 14 ndi 7. Geti limodzi likatembenuka limakoka magetsi mwadzidzidzi, mavolti amagwa pang'ono, mnzake amene anali pafupi kutembenuka amangotembenukira pomwepo. Ndiko kumatana ukunena kuja. Batire likamatha, onse amasuntha limodzi, C wako n'kuthawa.

Chita izi. Pa mwendo 2 ika rezisita ya 100k, ija ya bulawuni, yakuda, yachikasu. Pa 4 ina, pa 6 ina. Mbali zinazo za marezisita atatuwa ndi zimene uzimange pamodzi, osati miyendo ya IC. Kuchokera pa mfundo imeneyo dutsa pa kapasita ya 1uF kupita ku mwendo wam'mbali wa voliyumu ya 10k, mwendo wam'mbali winawo ku negetivi, ndipo wapakati upite ku ampu. Ampu yosavuta ndi LM386, ili ndi miyendo 8: mwendo 6 ku pozitivi, 2 ndi 4 ku negetivi, mawu alowe pa 3, atuluke pa 5 kudzera pa kapasita ya 220uF kupita ku sipika. Miyendo 1 ndi 8 uisiye. Anthu amakonda kuikapo 10uF kuti ikweze ka 200 m'malo mwa ka 20, koma iwe mawu ako ndi aakulu kale, ungowaphwanya. Ngati LM386 palibe, tenga timasipika ta kompyuta tija tokhala ndi ampu yake. Koma chonde usalowetse 9V yosachepetsa mu mikisa ya kutchalitchi, adzakuthamangitsa akuluampingo.

Kenako kapasita ina ya 104 pakati pa mwendo 14 ndi 7, miyendo yake uidule ikhale yaifupi, ikhale pafupi ndi IC penipeni, osati kumapeto kwa bodi. IC iliyonse yomwe udzawonjezere izikhala ndi yake. Pomwe batire likulowera ikapo 100uF, ndipo LM386 uipatsenso yakeyake chifukwa ndi imene imakoka kwambiri.

Kulira kwa tsiii ukayandikitsa dzanja kukuchokera ku mageti atatu omwe sukuwagwiritsa ntchito. Mwendo wolowetsa wa CMOS sukoka magetsi, ndiye ukausiya m'malere umatola chilichonse, ngakhale thupi lako. Geti limangodzitembenukira lokha mothamanga, likudya batire n'kumasokoneza anzake. Miyendo 9, 11 ndi 13 imange ku negetivi. Miyendo 8, 10 ndi 12 ndi yotulutsa, imeneyo usaimange kulikonse. Ikanso rezisita ya 1k motsatana ndi voliyumu iliyonse, kuti ukapotokola mpaka kumapeto pasakhale ziro pakati pa mwendo 1 ndi 2.

Za mabatire a 9V, asiye. Ngati pa benchi pali batire la sola la 12V tenga pamenepo, koma udutse pa regulator ya 7809. Ma IC a 4000 amagwira kuyambira 3V mpaka 15V, koma batire la sola likamatchajidwa limadutsa 14V, likamagwira ntchito limatsika, ndipo chuni chako chizitsatira dzuwa. Regulator ndi imene ingakhazike mizere ija pamalo amodzi.

74HC14 miyendo ikufananadi, koma malire ake ndi 6V. Ukaipatsa 9V uiika m'manda. Ngati ukuifuna, bodi yonse iyende pa 5V ya 7805.

Tsono za makolasi. Zitheka kuika mabatani 8 ndi mavoliyumu 8, koma ndikuuze chilungamo, uzidzachuna Lamulungu lililonse m'mawa, kutchalitchi kukatentha uzichunanso. Timakapasita tofiirira tozungulira tija timasintha ndi kutentha, n'chifukwa chake pa oscillator ndi bwino kuika tobiriwira tija ta pulasitiki. Ndiponso mabatani 8 pa oscillator imodzi amakupatsa liwu limodzi pa nthawi, ukadina awiri marezisita amaphatikizana n'kutulutsa liwu lachitatu lomwe palibe analipempha. Kiyibodi uli nayo kale. Ine ndikanakhala iwe ndikanakonza magetsi kaye, kenako n'kumvetsera kuti kanthuka kakufuna kuimba chiyani.

Besiman_265

Koma guys nthawi yonseyi yowotcherera tizitsulo kuti mumve piii? Achimwene, foni yomwe mwalembera funsoli ili ndi mphamvu kuposa ma IC chikwi. Tsitsani app ya synth, lumikizani ku mikisa, nkhani yatha. Ngati manja akuyabwa kufuna mawaya, gulani Arduino imodzi, kabodi ka kompyuta kaja, mulembe manotsi onse mu code, chuni sichithawa ngakhale kutenthe bwanji. Madala afotokoza bwino, ulemu wanu madala, koma ndawerenga mpaka mutu kuwawa ndipo pamapeto pake akuti makolasi sizitheka bwino. Ndiye phindu lake n'chiyani? Ine ku studio ndikufuna besi yoti igwedeze malata, osati kulira kwa alamu ya galimoto.

MlongoWakuJoni

A Besiman, besi yogwedeza malatayo mumaitenga mu ma sample a 808, si choncho? Roland TR-808, makina oimba ng'oma, inatuluka mu 1980, ndipo mawu a hi-hat ndi cymbal ake amayambira pa ma oscillator 6 a IC imodzi ya Schmitt trigger, HD14584, yomwe ndi m'bale wake wa 40106 ali nayo achimwenewa. Awiri mwa ma oscillator omwewo, wina cha m'ma 540 Hz wina cha m'ma 800 Hz, ndi amene amapanga cowbell ija mumaimva m'nyimbo zambirimbiri. Ndiye alamu ya galimotoyo mumavina nayo kale. Pa za chuni mukunena zoona, Arduino sithawa. Koma imaimba zomwe mwailembera zokha.

Achimwene a MwanaWaMawaya, zomwe anena bambo MadalaWaMawailesi za magetsi tsatirani zonse. Ine ndimakonza mabodi a zipata za pampanda zoyendera magetsi ndi ma alamu kuno ku Johannesburg, ndipo theka la mavuto omwe ndimakumana nawo ndi kapasita yosowa kapena mwendo wosiyidwa m'malere. Ndingowonjezera za komwe zinthuzi zinachokera, chifukwa zingakuthandizeni kusankha chopanga.

Zipangizo zotere anthu amazitcha ma Lunetta, kutengera Stanley Lunetta wa ku Sacramento, California, amene anabadwa mu 1937 n'kumwalira mu 2016. Iyeyu sanali woimba kiyibodi. Anali woimba ng'oma, ankaimba timpani mu orchestra ya mumzindawo, ndipo cha m'ma 1970 anayamba kupanga makina oimba okha pogwiritsa ntchito ma IC owerengera, amene kampani ya RCA inali itangoyamba kugulitsa mu 1968 kuti azigwira ntchito m'zipangizo zoyezera ndi zowongolera makina, osati zoimbira. Kuti anali wang'oma n'kofunika. Ma IC amenewa sadziwa C kapena G, amadziwa kuyaka, kuzima ndi kuwerenga. Mukawakakamiza kukhala piyano akukhumudwitsani, koma pa kugawa nthawi ndi akatswiri.

Kuti muone zimene ndikunena, funani CD4040. Ili ndi miyendo 16: mwendo 16 ku pozitivi, 8 ku negetivi, 11 nawonso ku negetivi chifukwa ndi reset, ndipo oscillator yanu ilowe pa mwendo 10. Mkati mwake muli masiteji 12, iliyonse imagawa pakati zomwe yalandira. Tinene kuti mwalowetsa 880 Hz. Pa mwendo 9 mupeza 440, pa 7 mupeza 220, pa 6 pali 110, pa 5 pali 55. Onsewa ndi A yemweyo, akungotsika octave imodziimodzi, ndipo sangasemphane chuni chifukwa akuchokera pa gwero limodzi. Besi ya a Besiman ndi imeneyo pa mwendo 5. Pitirizani: mwendo 3 uli pa 27.5, khutu layamba kuvutika. Mwendo 2 cha m'ma 14, si liwunso, ndi kunjenjemera. Mwendo 4 cha m'ma 7, mwendo 13 katatu ndi theka pa sekondi, ndipo apa mwayamba kugwedeza mutu chifukwa kwasanduka kugunda kwa ng'oma. Tengani waya wa ku ampu muziugusitsa miyendo imeneyi motsatana. Ine tsiku lomwe ndinachita zimenezi m'pamene ndinamvetsa kuti liwu ndi kugunda n'chinthu chimodzi, chasiyana n'kuthamanga kokha.

Mukafika apa, masewera onse ndi oti chochedwa chizilamula chothamanga. CD4093 ili ndi mageti 4 a Schmitt okhala ndi miyendo iwiri yolowetsa. Mumamanga oscillator ngati ya 40106 pa mwendo 2 ndi 3, mwendo 1 n'kukhala switchi: ukalandira pozitivi liwu limalira, ukalandira negetivi limakhala chete. CD4051 ndi switchi ya njira 8. Mumalowetsa mawu 8 osiyana, ndipo miyendo 9, 10 ndi 11 ndi imene imasankha liti lituluke pa mwendo 3. Miyendo itatu imeneyi mukaidyetsa kuchokera ku masiteji ochedwa a 4040, mupeza kanyimbo kobwerezabwereza. Mukaidyetsa kuchokera ku ma oscillator atatu ochedwa osagwirizana, kanyimboko kamayendayenda nthawi yaitali kasanabwerere pomwe kanayambira. Musaiwale 6, 7 ndi 8 ku negetivi, apo ayi 4051 imangoti zii. Pali CD4070, ya mageti a XOR: mukalowetsa mawu awiri imatulutsa liwu lachitsulo, longa la belu losweka. Ine ndimaikonda kuposa zonse, ngakhale anthu a nyumba yoyandikana nayo saikonda.

Pamodzi pokha ndisiyana pang'ono ndi bambo. Kumatana kwa ma oscillator si matenda nthawi zonse. Alipo amene amaika voliyumu pa waya wa pozitivi dala kuti IC isowe chakudya, mawu azikokana ndi kung'ambika. Koma yambani mwakonza kuti kukhale koyera, kuti mukadzafuna kuipitsa mudzadziwe kuti mwaipitsa ndinu.

Pomanga bokosi, musawotcherere ma IC kwa anzake mpaka kalekale. A Lunetta ambiri amatulutsa mwendo uliwonse wofunika kunja kwa bokosi, n'kumalumikiza ndi mawaya pomwe akuimba. Masoketi olowetsamo mawaya ndi odula, ndiye ine ndinaboola chivundikiro cha bokosi la pulasitiki n'kuika mabawuti ang'onoang'ono, ndimalumikiza ndi mawaya a timano tang'ona. Bawuti lililonse lolowetsa likhale ndi 100k yopita ku negetivi kuti lisatsale m'malere mukachotsa waya, lotulutsa likhale ndi 1k motsatana, kuti tsiku lomwe mudzalumikize zotulutsa ziwiri mwangozi IC isadzafe. Ma IC akhale pa masoketi awo, musamawotche miyendo yake ndi kachitsulo, ndipo musanawagwire khudzani kaye chitsulo china chachikulu, makamaka nyengo youma.

Posaka m'mabodi akale musamangoyang'ana zilembo CD. HEF4040 ndi ya Philips, TC4040 ya Toshiba, HCF ya ST, ndipo Motorola inkalemba MC14040, kuika 1 kutsogolo. Zonsezi n'chimodzimodzi. Ma 4051, 4052 ndi 4066 amapezeka m'mawailesi akuluakulu akale ndi m'mavidiyo a matepi, momwe ankasankha njira za mawu.

MwanaWaMawaya

Madala, mwandiombola. Ndaika marezisita atatu aja, 104 pamsana pa IC, miyendo 9, 11 ndi 13 ku negetivi, ndipo ndikudyetsa kuchokera ku batire la sola kudzera pa 7809 yomwe ndinaipeza mu DVD yakufa. IC ikuzizira, tsiii uja watha. LM386 sindinaipeze, ndagwiritsa timasipika ta kompyuta. Mawu atatu tsopano akumveka payekhapayekha, ndipo ndikayandikitsa awiri, m'malo momatana akuchita kugwedezeka kuti wuwuwuwu, kukuchedwa pamene akuyandikirana. Kumatana kulipobe pang'ono akafika pafupi penipeni, koma sikukundivuta. 74HC14 ndaibweza m'kachitini.

Achemwali a ku Joni, zikomo. 4040 sindinaipeze, ndauza mnzanga wina amene akubwera kuchokera kumeneko kuti anditengere pamodzi ndi 4070. Koma 4093 ndaipeza, komanso HEF4017 mu nyali ya disco ija magetsi ake amathamangitsana. Za makolasi ndaziika pambali kaye, amalume akuti bola, chifukwa anatopa ndi C, E, G.

Ndalumikiza 4017 chonchi: oscillator yochedwa ya 10uF ikulowa pa mwendo 14, ndipo ndaona ndi LED kuti miyendo khumi ikuyaka motsatana. Ndatenga masitepe ena kudzera pa madayodi a 1N4148, kuwamanga pamodzi ndi 100k yopita ku negetivi, n'kupititsa ku mwendo 1 wa 4093. Zikuimba ndithu, koma pali ziwiri. Ndikasankha masitepe awiri oyandikana, m'malo mwa ti ti ndikumva tiii mmodzi wautali. Chachiwiri, kuzungulira kwa masitepe khumi sikukuvinika. Ndayesa kuomba m'manja motsatira, phazi likusowa poponda. Zomwe ndikumva m'mutu mwanga ndi kugunda kuja kwa kumudzi, ng'oma ina ikuyenda patatu ina panayi, zikusemphana n'kukumananso. Ndikawerenga ndi zala zikundipatsa 12, koma 4017 imathera pa 10. Ilipo IC ya masitepe 12?

A Besiman, mudzabwere mudzajambule, ndidzakupatsani hi-hat yaulere.

MadalaWaMawailesi

Tsopano wayamba kufunsa mafunso abwino, mphwanga.

Tiii wautaliyo wachitika chifukwa 4017 siisiya mpata pakati pa masitepe. Pomwe sitepe yoyamba ikuzima, yachiwiri yayaka kale nthawi yomweyo, ndiye kuseri kwa madayodi ako magetsi sakutsika n'komwe, 4093 ikungoona switchi yoyaka. Mankhwala ake ali pa oscillator yochedwa ija. Iyo imakhala pozitivi theka la sitepe iliyonse, theka linalo negetivi. Ukufuna liwu lilire pokhapokha sitepe yasankhidwa komanso oscillator ili pozitivi. Geti la AND ndi limene limachita zimenezo, CD4081: madayodi ako ku mwendo 1, oscillator yochedwa ku mwendo 2, mwendo 3 upite ku 4093. Ngati 4081 palibe, usadikire wochokera ku Joni. Mu 4093 yako mwatsala mageti atatu. Lowetsa ziwirizo pa miyendo 5 ndi 6, zituluka pa 4 zitatembenuzika, ndiye uzitembenuzenso ndi geti limodzi la 40106 lomwe likungokhala, kulowa pa 9 kutuluka pa 8. Kumbukira kuchotsa kaye waya wa negetivi uja tinaika pa mwendo 9.

Za 12, usasake IC ina. Choyamba dziwa kuti 4017 sumaikakamiza kufika pa 10. Mwendo 15 ndi reset, ukalandira pozitivi kuwerenga kumabwerera poyambira. Panopa uyenera kuti waumanga ku negetivi. Uchotse, uulumikize ku mwendo wa sitepe yomwe ukufuna isamveke. Miyendo yake siinasanjidwe mwa dongosolo, ndiye lemba penapake: sitepe yoyamba ili pa mwendo 3, kenako 2, 4, 7, 10, 1, 5, 6, 9, n'kuthera pa 11. Ukalumikiza 15 ku 9 upeza masitepe 8, amene ndi a nyimbo zambiri za pa wailesi. Ukalumikiza ku 5 upeza 6, ndipo phazi lako lipeza poponda. Mwendo 13 ukhale ku negetivi nthawi zonse, ukausiya m'malere kuwerenga kuzidumphadumpha kapena kuima.

Koma zomwe ukumva m'mutuzo sizifuna mzere umodzi wa masitepe 12. Kumudzi kulibe munthu mmodzi amene amaimba zonse 12, aliyense amagwira kagawo kake kakafupi n'kumakabwereza, 12 imabadwa pokumana pawo. Chita chimodzimodzi. Peza 4017 yachiwiri, nyali za disco zakufa sizisowa. Zonse ziwiri zidye oscillator imodzi yomweyo pa mwendo 14. Yoyamba, 15 ku 7, izizungulira masitepe atatu. Yachiwiri, 15 ku 10, izizungulira anayi. Pa iliyonse tenga mwendo 3 wokha. Wa yoyamba upite ku oscillator ya 4093 ya liwu laling'ono, ya kapasita 103. Wa yachiwiri upite ku ina ya liwu lalikulu, pa miyendo 12 ndi 13 yotulukira pa 11, ya kapasita 104 kapena 224. Mu kugunda 12, yaing'ono ilira kanayi, yaikulu katatu, ndipo zikumana kamodzi. Ukafuna zitatu pa ziwiri, yachiwiriyo isunthe 15 kupita ku mwendo 4, zizikumana pa 6 paliponse.

Chinthu chimodzi udzachiona ukamazimva ndi ampu: oscillator ya 4093 ikakhala chete, mwendo wake wotulutsa umatsalira ku pozitivi, ndiye poyamba ndi pomaliza pa liwu lililonse pamamveka kakuti thu. Ine sindikachotsa, pa ng'oma kamathandiza. Kakakunyansa chepetsa kapasita ya 1uF ija ikhale 104.

Ndipo usavutike kuti ma 4017 awiriwo ayambire pamodzi ukayatsa. Pa 3 ndi 4, kulikonse komwe angayambire adzakumana basi mkati mwa kugunda 12, chifukwa palibe nambala, kupatula 1, yomwe imagawa zonse ziwiri. Pa 2 ndi 3 n'chimodzimodzi, pa 3 ndi 5 adzakumana pa 15. Vuto lidzabwera tsiku lomwe udzayese 4 ndi 6. Pamenepo ukayatsa, nthawi zina adzakumana, nthawi zina adzasemphana ndi sitepe imodzi mpaka uzimitse. Zikatero pafunika batani limodzi lopereka pozitivi ku ma reset onse awiri, ndipo mwendo 15 uliwonse ulandire kudzera pa madayodi awiri, ina yochokera ku batani ina yochokera ku sitepe yake, ndi 100k yopita ku negetivi. Ukalumikiza batani popanda madayodiwo ubwezeretsa ndewu ija tinayamba nayo pa miyendo 2, 4 ndi 6.